Makina otsukira mbale akayamba kununkha

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zimene ndimalemba, ndipo funso lawo linali lalifupi: makina awo otsukira mbale akutulutsa fungo loipa akangotsegula chitseko, agula kale tonunkhiritsa topachika m'kati koma palibe chasintha, ndiye akufuna kudziwa ngati nthawi yogula makina ena yakwana. Mayi, mundikhululukire kuti ndachedwa kukuyankhani. Funso lanulo linanditokosa pachilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola, chifukwa linandikumbutsa miyezi isanu imene ine mwini ndinkachita manyazi kulowetsa mlendo m'khitchini mwanga.

Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma langa linanunkha mpaka pabalaza. Makina athu anali atagwira ntchito zaka ziwiri popanda vuto lililonse, kenako fungo linayamba pang'onopang'ono, poyamba ngati la nsanza yonyowa imene yaiwalika m'ndowa, ndipo patapita milungu ingapo linasanduka ngati la dzira lovunda. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti matambula ankatuluka owala bwino, koma ukati umweremo madzi, mphuno inkakana pakamwa pasanalawe. Apongozi anga aakazi atabwera kudzacheza, anatenga tambula, n'kuinunkhiza, n'kuibwezera pamalo pake mwakachetechete, kenako anapempha kuti ndiwapatse kapu yotsukidwa ndi manja. Sananene mawu alionse onyoza, ndipo mwina mtima wanga ukanapepuka akanangondinyoza.

Ndinayamba ndi kuloza ena chala. Ana ndinkawakalipira kuti amaika mbale m'makina osachotsa zotsalira, ndipo bambo a m'nyumba muno ndinkawanena kuti amatseka chitseko mbale zakuda zili m'kati n'kuzisiya momwemo masiku awiri podikira kuti zichuluke. Zonsezi zinali zoona ndithu, koma gwero la vuto linali kwina. Kenako ndinakodwa mumsampha womwe mwakodwamo inuwo: ndinagula tonunkhiritsa topachika pa choikamo mbale, ndinaponyamo makoko a mandimu, ndinasintha sopo katatu. Chimene ndinapindula chinali fungo la mandimu losakanikirana ndi la zovunda, moti mpaka lero ndikamva fungo la mandimu la m'mankhwala otsukira ndimachita nseru.

Pano ndilankhule mosapita m'mbali, ngakhale ogulitsa zinthu zimenezi sangakondwe nazo. Tonunkhiritsa ta m'makina otsukira mbale n'topanda ntchito, ndipo ndikuona kuti timawononga kuposa kuthandiza, popeza timamuchedwetsa munthu kufufuza chimene chikuwola. Fungo loipa lotuluka m'makina amenewa limatanthauza kuti penapake pali zotsalira za chakudya, mafuta kapena madzi akuda amene akhalitsa, ndipo mabakiteriya akudyerera pamenepo. Kuika zonunkhira pamwamba pa zimenezo kuli ngati kudzola mafuta onunkhira usanasambe. Wodutsa patali angapusitsike, koma amene wakhala nawe mpando umodzi amadziwa.

Nditatopa, ndinaitana mmisiri wokonza zipangizo za magetsi, ndili wokonzeka kumva kuti pampu yafa. Bamboyo anatulutsa choikamo mbale cha m'munsi, anagwada, anagwira kachinthu kobulungira kamene kali pansi m'kati mwa makina, anakapotokola pang'ono, n'kukazula. Anandionetsa osanena kanthu. Inali sefa, ndipo inali itakutidwa ndi litsiro lotuwa, loterera ngati ndere, momwe munali timafupa, njere, tizidutswa ta galasi ndiponso mapepala omata a pamabotolo amene anali atanyowa n'kusanduka matope. "Mayi, imeneyi munaitsuka liti?" anandifunsa mwaulemu. Ndinayankha zoona kuti sindinkadziwa n'komwe kuti imachoka. Kabuku ka malangizo ndinali nditakataya pamodzi ndi katoni tsiku lomwe makinawo anafika, ndipo paja safunsa anadya phula.

Zimene anandifotokozera tsiku limenelo n'zimene ndikanakonda kuti wogulitsa aliyense aziuza ogula. Makina amenewa sadzaza madzi ngati beseni, ndiponso satunga madzi atsopano nthawi yonse imene akutsuka. Ambiri a masiku ano amagwiritsa ntchito malita pafupifupi 10 okha pa ulendo wonse wotsuka, ndipo amakwanitsa zimenezi chifukwa madzi ochepa amene alowa amapopedwa kupita kumbale, amagwera pansi, amadutsa pasefa, n'kupopedwanso kambirimbiri. Choncho sefa ikakhala yakuda, dontho lililonse limene likukhudza tambula yanu limakhala litadutsa kaye m'zovundazo. Makina ambiri akale, makamaka a ku America, ankakhala ndi kachigayo kopera zotsalira kuti zizipita ndi madzi, koma kankasokosa, ndipo opanga ambiri anakasiya n'kuika sefa imene mwiniwake ayenera kuitulutsa ndi kuitsuka yekha. Phokoso linachepa m'khitchini, koma tinasenzetsedwa ntchito imene ambirife sitinauzidwe.

Ndimaganizira kawirikawiri za Josephine Cochrane, mayi wa ku Illinois ku America amene analembetsa ku boma makina ake otsukira mbale mu 1886 ndipo anakawaonetsa pachionetsero chachikulu cha ku Chicago mu 1893. Iye anatopa ndi kuona mbale zake zamtengo wapatali zikubenthuka potsukidwa ndi manja, ndipo nzeru yake inali yakuti mbale zizikhala chilili m'timipata ta mawaya, madzi otentha a sopo n'kumawazidwa pa izo mwamphamvu. Nzeru imeneyo sinasinthe mpaka lero, ndipo amene waimvetsa amadziwa kuti litsiro silizimiririka mwamatsenga. Limangochoka pambale n'kusamukira kwina, ndipo limene silinakwanitse kutuluka ndi madzi limakhala m'makina momwemo kufikira wina atalichotsa ndi dzanja.

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti nkhani inathera pa sefa, koma patangopita milungu itatu fungo linabwerera, ngakhale kuti linali litachepako mphamvu. Apa m'pamene ndinazindikira kulakwa kwanga kwachiwiri. Kwa zaka ziwiri zonsezo ndinkangodina batani lolembedwa kuti eco, pofuna kusunga magetsi. Pulogalamu imeneyi imatenthetsa madzi kufika madigiri pafupifupi 50, ndipo imatenga maola atatu kapena kuposerapo kuti sopo apeze nthawi yokwanira yogwira ntchito. Mbale zimayera ndithu, ndipo sindikuinyoza, moti mpaka pano ndi imene ndimagwiritsa ntchito masiku ambiri. Koma mafuta ena sasungunuka onse pa kutentha koteroko, amakamatirira m'mapaipi ndi m'makona a m'kati, ndipo pamafutapo mabakiteriya amamanga kachikuto koterera kamene madzi ofunda amalephera kukachotsa. Pulogalamu yotsukira mapoto, imene imafika madigiri 65 kapena 70, ndi imene imakokolola zimenezi, ndipo ine ndinali ndisanaiyatsepo ngakhale kamodzi.

Palinso malo ena amene madzi opopedwa safikako n'komwe, ndiwo labala wa m'mphepete mwa chitseko, makamaka m'munsi mwake pamene chitseko chimagwirana ndi makina. Zamadzimadzi zimene zimadontha tikamalongedza mbale zimakhala pamenepo miyezi yambiri. Nditapukutapo ndi kansalu koyera, kanatuluka kali bii. Mu 2011 akatswiri a pa yunivesite ya Ljubljana ku Slovenia anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo pa malabala a makina otsukira mbale a m'nyumba za anthu m'mayiko osiyanasiyana, ndipo anapeza nkhungu pa makina 62 mwa 100 alionse, yambiri ili ya mtundu wakuda wotchedwa Exophiala, umene umapirira kutentha, sopo ndi mchere. Musachite nazo mantha zimenezi, popeza munthu wathanzi savutika nayo kawirikawiri, koma zikusonyeza kuti malo ofunda, onyowa ndi otsekeka amaweta zamoyo zawozawo.

Gwero la fungo la dzira lija linapezeka mwangozi, pamene ndinkafunafuna chitsekerero cha botolo chimene chinagwera kuseri m'kabati ya pansi pa sinki. Paipi yotulutsa madzi akuda m'makina imalumikizidwa ku paipi ya sinki, ndipo imayenera kukwera kaye mpaka kukagunda thabwa la pamwamba pa kabati isanatsikire pamene yalumikizidwa. Yathu inali itagona pansi ngati njoka yoothera dzuwa. Munthu amene anatikonzera sinki miyezi ingapo m'mbuyomo anaimasula pamene inamangiriridwa ndipo sanaibwezere. Choncho nthawi iliyonse imene ndinkakhuthula madzi ambiri m'sinki, ena mwa madzi akudawo ankabwerera m'paipiyo n'kukakhazikika pansi pa makina, ndipo m'madzi osayenda oterowo mabakiteriya amatulutsa mpweya wa hydrogen sulphide, womwewo umene umanunkhitsa dzira lovunda. Ndinaikweza, ndinaimanga ndi waya, ndipo ntchito yonse sinakwane mphindi zisanu. Ana anga ndinawapepesa, koma bambo awo sindinawapepese, chifukwa chizolowezi chawo chosunga mbale zakuda masiku awiri chitseko chili chotseka chikadali cholakwika, ndipo iwo akudziwa.

Zoti muchite musanaganize zogula makina ena

Zimitsani makina ndi kuwachotsa kumagetsi, kenako tulutsani sefa n'kuitsuka pampopi ndi madzi otentha ndi mswachi wakale, ndipo poika dzanja m'kadzenje kamene sefayo imakhala samalani ndi magalasi osweka. Madzi ochepa oyera m'kadzenjemo si vuto, koma akakhala akuda kapena ochuluka mpaka kumiza sefa, yang'anani paipi ya kuseri ngati yapindika, yatsekeka kapena yagona pansi. Chotsani timikono tozungulira topopera madzi n'kutokosa timabowo take ndi kamtengo kotokosera m'mano, pukutani labala yense mpaka m'munsi mwa chitseko, ndipo mukatero yatsani makina opanda mbale pa pulogalamu yotentha kwambiri, mutaikamo mankhwala otsukira makinawo kapena kapu ya viniga woyera yoimikidwa pa choikamo mbale cha m'mwamba. Sefa izitsukidwa sabata iliyonse, kutsuka kotentha kuzichitika kamodzi pamwezi, mbale zizipalidwa zotsalira zisanalowe, ndipo chitseko chizisiyidwa chotsegula pang'ono kuti m'kati muziuma.

Pa nkhani ya viniga, ndiyenera kutsutsa malangizo amene afala kwambiri akuti azisakanizidwa ndi soda wophikira. Viniga ndi asidi pamene soda amapha asidi, choncho zikakumana zimachita thovu losangalatsa m'maso kenako zimathetsana mphamvu, ndipo chotsala ndi madzi a mchere pang'ono amene satsuka kanthu. Ineyo ndinachitapo zimenezi katatu, ndikuyang'ana thovulo monyadira ngati ndapeza mankhwala. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito zonse ziwiri, chilichonse chilowe pa ulendo wakewake, ndipo viniga asamathiridwe pafupipafupi chifukwa asidi amafooketsa labala pakapita nthawi. Choopsa kwenikweni ndi kusakaniza viniga ndi mankhwala a klorini oyeretsera zovala, popeza zimatulutsa mpweya wa klorini umene umawononga mapapo, ndiponso klorini payekha amadya chitsulo chosachita dzimbiri chimene chimakhala m'kati mwa makina ambiri. Sopo wamadzi wotsukira mbale ndi manja nayenso asalowe m'makina, chifukwa thovu lake limasefukira mpaka kudzaza pansi m'khitchini. Ngati mwatsuka sefa ndi sopo ameneyu, itsukuluzeni bwinobwino musanaibwezere.

M'imelo yanu simunatchule kuti fungolo likufanana ndi chiyani, ndipo zonse ndalembazi zikukhudza fungo la zovunda, la nkhungu ndi la suweji. Ngati lanulo ndi la pulasitiki wopsa, mayi, musataye nthawi ndi sefa. Zimitsani makinawo nthawi yomweyo, dikirani kuti azizire, kenako yang'anani pansi ngati chivindikiro kapena supuni ya pulasitiki yagwera pa chitsulo chotenthetsera madzi, chimene m'makina ena chimakhala poonekera. Mukapanda kupezapo kanthu, musawayatsenso kufikira mmisiri ataona mawaya ake.