Banjo ya amalume ikhale m'nyumba, koma makaseti atuluke

Mayi wina wa ku Luchenza wandilembera pa imelo. Amalume ake, omwe anatisiya kalekale, ankaimba banjo ndipo nyimbo zawo zinkamveka pa wayilesi m'ma 1980. Banja lili ndi banjoyo, makaseti 14, zithunzi ndi kope la mawu a nyimbo, zonse m'nyumba yakale ya mumzera wa masitolo akale. Akufuna nyumbayo ikhale malo achikumbutso, koma chaka chatha nyumba yachitatu kuchokera pa yawoyo inapsa. Funso lawo: katunduyu timusiye momwemo kapena timusamutse?

Amayi, zikomo polemba. Mugawe pawiri. Chimene anthu adzabwere kudzaona chikhale m'nyumbamo. Chimene adzafune kumva, mawu a amalume, chisakhale pamalo amodzi ngakhale tsiku limodzi.

Ndiyambe ndi makasetiwo chifukwa ndiwo akundisowetsa mtendere. Kaseti sidikira moto kuti ife. Kwathu kuno kutsinde kwa phiri chinyontho n'chambiri, chiperoni chikabwera mu Juni ndi Julayi zovala zimachita chuku mu sutikesi, ndiye tepi ingapirire zaka 40? Imamatana, ena mawu amazilala. Pezani wayilesi ya kaseti yabwino, osati ija yodya matepi, ndi mnyamata wodziwa kuilumikiza ku kompyuta. Muuzeni asunge nyimbozo ngati WAV, mtundu wa fayilo wosataya ubwino wa mawu, kenako apange MP3, fayilo yaing'ono yotumizirana. Musadalire zotumizirana pa WhatsApp, foni ikatayika kapena kufufutidwa zonse zapita. Nyimbozo zisungidwe patatu: pa fulashi kwanu, kwa mbale wa ku Blantyre kapena ku Mulanje, ndi pa intaneti pa Google Drive. Zithunzi ndi kope lija zijambulidwenso tsamba ndi tsamba.

Musaganize kuti ndi ife osauka okha amene moto umatipeza. Mu 2008 moto unabuka ku Universal Studios ku America n'kupsereza nyumba yosungira matepi oyambirira a oimba otchuka ambiri. Kampani ya ndalama zake, alonda ali pomwepo, koma zinthu anaziunjika pamodzi.

Ife a ku Thyolo tili ndi chitsanzo chathu. Allan Namoko, wosaona uja wa Chimvu River Jazz Band, anamwalira mu 1995. Lero mwana amene anabadwa iye atapita amamudziwa chifukwa mawu ake anajambulidwa ndipo anafalikira m'manja ambiri. Akanakhala kuti zonse zinali mu thiranki imodzi kumudzi, bwenzi tikungomva kuti kunali munthu wina wodziwa banjo.

Tsopano nyumbayo. Nyumba za mumzera, kaya masitolo akale kaya malaini a m'maesiteti a tiyi, vuto lake ndi denga. Makoma ndi a njerwa, inde, koma pamwamba pa siling'i nthawi zambiri mpata umangopitirira kuchoka khomo ili kufika lija, ndipo mitengo ya dengalo yauma kwa zaka makumi. Ngati ili ya mkungudza, dziwani kuti fungo lokoma lija ndi mafuta, ndipo amayaka bwino zedi. Moto wa mnansi sugogoda pakhomo panu, umadutsa kumwamba. Choncho chinthu choyamba kugwiritsira ndalama si penti kapena chikwangwani cholemba dzina la amalume. Itanani wa zamagetsi wa satifiketi akwere m'siling'i aone mawaya. Makoswe amatafuna, ndipo m'nyumba zakale mumapezeka fyuzi yomwe wina anaikapo waya wamba itapsa. Mukatha, ngati mthumba mulola, mmisiri akweze khoma lapakati mpaka ligunde malata.

Zina n'zimene tonse timachita tikudziwa. Kandulo pa tebulo lamatabwa magetsi akazima. Mbaula yolowetsedwa m'nyumba usiku wozizira. Ayironi yoiwalika pa soketi, magetsi n'kubwera anthu ali kumunda. Koma chimene chandiopsa zaka zino ndi zigubu za petulo. Mafuta akasowa, anyamata a kabaza ndi ogulitsa m'mabotolo amasunga petulo kuchipinda. Yendani mumzera wanuwo mufunse mwaulemu, ndipo nkhaniyi muitengere kwa amfumu kapena kwa tcheyamani wa msika kuti isaoneke ngati mukulimbana ndi munthu. Ikani ndowa ya mchenga pafupi ndi khomo: moto wa petulo madzi amangoumwaza, wa magetsi muyambe mwathimitsa pa meni switchi. Ngati kuseri kuli tchire, lambulani Ogasiti asanathe, osaka mbewa asanayambe kutentha. Moto umapita kumene kwatsala tchire. Ndipo musawerengere galimoto yozimitsa moto yochokera mumzinda, ikamafika idzapeza phulusa.

Thiranki yachitsulo imateteza ku makoswe ndi chiswe, osati ku moto. Ikatentha, tepi imasungunukira momwemo.

Banjo ipachikeni m'chipinda choyandikira khomo lotulukira, pamalo poti munthu angaitenge ndi dzanja limodzi akuthawa. Pakhoma paikidwe zithunzi zotsukitsanso, zenizenizo zikakhale kwina pamodzi ndi makaseti. Mukafuna malo odalirika kuposa kwa mbale, kafunseni ku National Archives ku Zomba kapena ku Museum ya ku Chichiri, ndipo chilichonse mungasiye kumeneko alembe pepala losonyeza kuti mwini wake ndi banja.

Pitaninso ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina. Lamulo la dziko lino limateteza nyimbo mpaka zaka 50 mwini wake atamwalira, ndiye banja ligwirizane msanga amene aziimira, zisanafike pokangana ana a mlongo ndi ana a malemu.

Mwanena kuti woimba ng'oma wa gulu la amalume akadali moyo ku Bvumbwe. Amayi, Loweruka lino kwerani minibasi, mutenge shuga ndi foni yodzaza moto. Muwayimbire kaseti iliyonse, atchule amene akuimba bezi, amene akuvomera, chaka chake, ndi chimene chinachitika kuti nyimboyo ipekedwe. Za mawaya mudzayamba Lolemba.