Kodi 5% ya "SF Mandate" pa lisiti ya chakudya ndi msonkho wa boma?

Mmodzi mwa owerenga athu, amene wangosamukira ku San Francisco, watilembera imelo motere: "Titadya palesitilanti ina, pa lisiti panali mzere wakuti SF Mandate 5% (SF ndi chidule cha San Francisco). Woperekera zakudya anati ndi ndalama ya inshuwalansi ya zaumoyo ya ogwira ntchito. Kodi ndi msonkho? Nanga ndikalipira imeneyi, tip (ndalama yothokozera woperekera zakudya) ndiperekenso?"

Achimwene, si msonkho ayi. Lamulo limagwira mwini bizinesi. Kukusenzetsani inu katunduyo pamzere wapadera ndi maganizo ake iye.

Malamulo ake ndi awiri. Loyamba ndi la dziko lonse la America, Affordable Care Act, lomwe Barack Obama anasainira mu 2010. Limati bwana wokhala ndi antchito okhazikika 50 kapena kuposa apo awapatse inshuwalansi, ndipo wokhazikika ndi amene amagwira maola 30 pa sabata. Aganyu nawonso amawerengedwa: maola awo onse a pamwezi amaphatikizidwa n'kugawidwa ndi 120. Bwana akapanda kupereka, ndipo ngakhale wantchito wokhazikika mmodzi akalandira thandizo la boma pogula inshuwalansi yake, chindapusa chimagwa. M'lamulomo chinalembedwa kuti ndi $2,000 pachaka pa wantchito wokhazikika aliyense, kupatula 30 oyamba, ndiye pa mlingo umenewu wa antchito 60 akanalipira $60,000. Chimakwera chaka ndi chaka. Gawo limeneli linayamba kugwira ntchito mu 2015, koma malesitilanti a Gator's Dockside ku Florida anali atayamba kale kuwonjezera 1% pa lisiti mu 2014, lisanawalume n'komwe.

Limene lakukhudzani inu kwambiri ndi la mzindawo, Health Care Security Ordinance, lomwe linayamba mu 2008. Bizinesi ya antchito 20 kapena kuposa iyenera kuika ndalama yoikika ya zaumoyo pa ola lililonse limene wantchito wagwira, bola akhale atatha masiku 90 pantchito ndipo amagwira maola osachepera 8 pa sabata mumzindamo. Kwa lesitilanti yodzaza ophika ndi otsuka mbale, ndalamayi si yochepa, izi tisakane.

Nanga bwanji osangokweza mtengo wa chakudya? Chifukwa mbale ya $20 imakopa anthu kuposa ya $21. Dola yotsalayo mumaiona mutakhuta kale.

Vuto lalikulu lili poti ndalamayo imayamba yalowa m'thumba la mwini malo. Mu 2013 loya wamkulu wa mzindawo, Dennis Herrera, anafufuza malesitilanti angapo amene anatolera ndalama zambiri m'dzina la umoyo wa antchito koma n'kugwiritsa ntchito zochepa. Lamulo limanena kuti amene watolera ndalama ponena kuti ndi ya zaumoyo aigwiritse ntchito yonse pa zaumoyo, ndipo chaka chilichonse azipereka malipoti ku ofesi ya mzindawo yoona za malamulo a ntchito, Office of Labor Standards Enforcement. Mawu osamveka bwino ngati "SF Mandate" sanena kuti ndalama ikupita kuti, ndipo ife sitiwakonda. Munthu wotsuka mbale mpaka pakati pa usiku asasanduke chikwangwani chotolerera ndalama imene sadzaiona.

Musanaitanitse chakudya, yang'anani m'munsi mwa menyu. Ku California, komwe kuli San Francisco, kuyambira mu 2024, ndalama yowonjezera ngati imeneyi iyenera kulembedwa poonekera. Ngati sinalembedwe, itanani manijala, osati woperekera zakudya amene alibe mphamvu pa mitengo, ndipo pemphani kuti aichotse. Ngati inalembedwa, ndiye kuti ndi gawo la mtengo, mulipira. Dziwaninso kuti msonkho wa malonda umawerengeredwa pamwamba pake.

Za tip: mupatseni ndithu woperekera zakudyayo, poti 5% ija sapatsidwa iye m'manja. Werengerani pa mtengo wa chakudya chokha. Chakudya chikakhala cha $80, chowonjezeracho ndi $4, ndipo tip ya 18% ikhale $14.40, yochokera pa $80, osati pa chiwerengero cha pansi penipeni pa lisiti.