Tifunseni: Bokosi la maloko atatu la pa blockchain

FUNSO: Bambo, ndine mnyamata wa zaka 26, ndimakhala ku Johannesburg ndipo ndimalemba mapulogalamu a kompyuta. Kuno tili ndi gulu la ife akumudzi, timasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya titumize thupi kwathu. Chaka chatha msungichuma wathu anathawitsa ndalama zonse, foni yake sikupezeka mpaka lero. Tsopano ena akuti tizisunga mu USDT, ndalama ya crypto (ya pa intaneti) yoyendera mtengo wa dola ya ku America, ndipo andipempha kuti ndipange apu yoti ndalama zisamatuluke popanda atsogoleri angapo kuvomereza. Solidity, chiyankhulo cha kompyuta cholembera mapulogalamu oterewa, ndimaidziwa pang'ono. Ndiyambire pati? Wowerenga wa ku Johannesburg.

YANKHO: Pepani kwambiri achimwene. Ndalama za maliro zikadyedwa zimawawa mosiyana ndi zina, chifukwa aliyense amene anasonkha ankaganizira tsiku lake lomwe.

Chimene mukufuna kupangachi chimatchedwa multisig, ndipo ine ndinachiona koyamba ndili mwana, pakhonde pa amayi anga. Iwo anali mu banki mkhonde. Bokosi lawo linali lachitsulo, la maloko atatu, makiyi ali kwa amayi atatu osiyana, pamene bokosilo limagona kwa mayi wachinayi amene analibe kiyi ngakhale imodzi. Tsiku lina logawana ndalama, mmodzi wa atatuwo anaitanidwa ku maliro ku Ntcheu mbandakucha, n'kupita ndi kiyi ili yomanga pansonga ya chitenje. Ndikukumbukira amayi aja atakhala pamphasa mpaka dzuwa kupendeka, bokosi lili pakati, maloko awiri ali otsekula, limodzi lili gwa. Ena anali atalonjeza kale kwa ogulitsa feteleza. Mapeto ake anaitana mnyamata kudzadula loko ndi sowo.

Pa blockchain, kaundula wa pa intaneti amene ndalama za crypto zimayendamo, sowo kulibe. Mukanena kuti onse atatu azisaina, mmodzi n'kumwalira kapena kuberedwa foni, ndalamazo zapita ngakhale mukuziona pa sikirini. N'chifukwa chake multisig imakulolani kunena kuti makiyi alipo asanu koma atatu aliwonse akwanira. Kwa gulu ngati lanu ine ndingasankhe atatu mwa asanu. Mukudziwa nokha moyo wa kumeneko: wina amabwezedwa kumudzi mosayembekezera, wina foni imalandidwa mu taxi. Awiri atha kusowa tsiku limodzi gulu n'kumayendabe, ndipo awiri atapangana zakuba sangatulutse kanthu.

Pa Bitcoin zimenezi zili m'malamulo a ndalamayo, ndipo zinafala kuyambira mu 2012 pamene anabweretsa ma adiresi olandirira ndalama oyamba ndi nambala 3. Pa Ethereum, kumene Solidity yanu imagwira ntchito, akaunti wamba ili ndi kiyi imodzi basi, choncho bokosi la maloko angapo limakhala smart contract, kutanthauza pulogalamu yoyenda pa blockchain, yolembedwa ndi munthu. Apa ndi pamene ndikukupemphani ndi mtima wonse: contract yosunga ndalama za anthu musalembe nokha.

Sindikukuderani ayi. Kampani ya Parity inayambitsidwa ndi Gavin Wood, mmodzi wa anthu amene anayambitsa Ethereum yeniyeniyo. Mu July 2017 chikwama chawo cha multisig chinapezeka ndi kabowo: gawo lolembetsa eni ake a chikwama linasiyidwa poyera moti aliyense akanatha kuliitana. Wakuba anangodzilemba kuti mwini ndi iye, n'kukokolola ma ether (ndalama za pa Ethereum) opitirira 150,000. Anakonza. Mu November chaka chomwecho munthu wina anapeza kuti contract imene zikwama zonse za multisig za Parity zimadalira inalibe mwini, anadziika umwini, kenako n'kuifafaniza. Ma ether opitirira 500,000 anatsekeredwa ndipo ali pomwepo mpaka lero, palibe wakuba, palibe wotenga. Ngati akatswiri oterowo anapunthwa kawiri m'miyezi inayi, inu ndi ine tisayesere pa ndalama za maliro.

Gwiritsani ntchito Safe, multisig yopangidwa kale imene poyamba inkatchedwa Gnosis Safe. Contract yake ili poyera, yaunikidwa ndi akatswiri ambiri kwa zaka, ndipo eni ake ali ndi zida zoti wolemba mapulogalamu amangepo apu yake. Kayendedwe kake n'kosavuta. Mlembi amalemba pempho loti ndalama zakuti zipite ku adiresi yakuti. Atsogoleri amasaina aliyense pa chipangizo chake, ndipo kusainako sikulipiritsa. Masiginecha akakwana atatu, mmodzi amatumiza pempholo ku blockchain n'kulipira gas, ndalama yolipirira kutumizako. Pempho lililonse lili ndi nambala yake yotchedwa nonce, yoletsa kuti siginecha imodzi igwire ntchito kawiri. Chinanso chabwino n'choti mukasintha mtsogoleri, otsalawo amachotsa kiyi yake n'kuikapo ya watsopano, adiresi ya gulu osasintha.

Ndiye ntchito yanu ikhala yotani? Yaikulu kwambiri, ndipo ndi imene anthu ambiri amainyozera: chimene wosainayo akuona asanadine. Pa 21 February 2025 kampani ya Bybit inaberedwa ndalama za crypto pafupifupi madola 1.5 biliyoni kuchokera m'chikwama cha multisig. Contract sinathyoledwe. Makiyi sanabedwe. Akuba anasokoneza tsamba limene osainawo ankagwiritsa ntchito, moti pa sikirini pankaoneka ngati akusamutsa ndalama mwa masiku onse, pamene chimene ankasaina chinali kupereka chikwama chonse m'manja mwa eni chiwembu. A FBI ananena kuti anali a ku North Korea. Anthu odziwa ntchito anasaina okha, mmodzi ndi mmodzi.

Choncho apu yanu isasunge kiyi ya munthu aliyense pa seva, ngakhale atakupemphani kuti muwasungire poopa kuiwala. Mukavomera zimenezo, msungichuma watsopano wosasankhidwa ndinu, ndipo wothyola seva yanu watenga makiyi onse pakamodzi. Apuyo ionetse adiresi yonse, osati zilembo zinayi zoyamba ndi zomaliza zokha, chifukwa akuba amapanga ma adiresi ofanana kumutu ndi kumchira. Ilembe m'Chichewa chomveka kuti ndalama zingati zikupita kwa yani ndipo chifukwa chiyani. Ngati thumba likukula, atsogoleri agule tizipangizo tosungira kiyi monga Trezor kapena Ledger, azifananiza zimene zili pa kachipangizoko ndi zimene zili pa foni. Ndipo muike lamulo m'gulu loti palibe kusaina musanaimbirane foni n'kumvana mawu. Uthenga wa pa WhatsApp wokha usakwanire.

Makiyiwo akhaledi m'manja mosiyana. Mu March 2022 blockchain yotchedwa Ronin inaberedwa ndalama zoposa madola 600 miliyoni ngakhale inkafuna masiginecha asanu mwa asanu ndi anayi, chifukwa anayi mwa makiyiwo anali pa kampani imodzi, ndipo yachisanu anaipeza kudzera pa chilolezo chakale chimene chinaiwalika osachotsedwa. Kwa inu zikutanthauza kuti bambo, mkazi wake ndi mlamu wake ogona nyumba imodzi asakhale atatu mwa asanuwo.

Musanaikemo ngakhale randi imodzi, yeserani pa Sepolia, malo oyeserera a Ethereum, kumene ndalama zake ndi zoyeserera. Khalani pansi nonse Lamlungu lina, muzimitse mafoni awiri ngati kuti abedwa, muone ngati otsalawo angatulutse ndalama komanso kusintha makiyi otayikawo inu osawagwira dzanja. Akalephera, apuyo sinathe.

Pali china choti mukawauze anzanu mosabisa. Osunga maliro ndi eni galimoto yonyamula thupi adzafuna marandi, ndipo kumudzi adzafuna makwacha. Reserve Bank of Malawi inanena mu 2019 kuti ndalama za crypto si ndalama zovomerezeka zolipirira m'dziko muno. Ndiye pakati pa USDT ndi bokosi la maliro padzakhalabe munthu mmodzi wosintha ndalamazo, usiku, mwachangu, anthu akulira. Pamenepo multisig siifikapo. Gwirizanani kale kuti adzakhala ndani ndipo risiti idzaonetsedwa kwa yani. Komanso mabanki a ku South Africa ali ndi maakaunti a magulu a stokvel ofuna osaina angapo. Ngati mapepala a atsogoleri anu ali bwino, kafunseni kumeneko kaye. Mwina thumba lalikulu lingakhale ku banki, apu yanu n'kumasunga gawo lochepa pamene mukuiphunzira.

FUNSO: Ine ndi azichemwali anga awiri tinasunga Bitcoin m'chikwama cha awiri mwa atatu pa pulogalamu ya Sparrow. Pepala langa la mawu 24 obwezeretsera kiyi yanga linanyowa ndipo silikuwerengeka, kompyuta nayo inafa. Kodi zatayika? Mayi wa ku Lilongwe.

YANKHO: Mayi, mtima pansi, koma chitanipo kanthu sabata ino. Makiyi awiri a achemwali anuwo akwanira kusaina. Chimene ambiri sadziwa n'choti pa Bitcoin, kuti chikwama cha multisig chimangidwenso, pamafunika makiyi apoyera a anthu onse atatu, amene amatchedwa xpub, kuphatikizapo yanu yotayikayo. Ngati chikwamacho chikutsekukabe pa kompyuta ya mmodzi wa achemwali anu, xpub yanu ili momwemo. Auzeni asafufute kalikonse, asasinthe kompyuta, ndipo atulutse lero lomwe fayilo yofotokoza chikwamacho n'kuisunga malo awiri.

Kenako inu pangani kiyi yatsopano, mumange chikwama chatsopano cha atatu, muyambe mwatumizako kandalama kochepa n'kuyesa kukatulutsa. Zikatheka, achemwaliwo asaine kusamutsa zonse. Mawu 24 atsopanowo musawajambule pa foni ndipo musawatumizire munthu aliyense, ngakhale wonena kuti ndi wa kampani ndipo akufuna kukuthandizani. Alembeni ndi pensulo pa pepala lolimba, muike m'kabotolo kotseka bwino kuti chinyezi chisalowe, ndipo fayilo ya ma xpub atatu aja aliyense wa inu akhale ndi yake.