Nkhumba zolowerera za ku Texas: nyama yake imadyedwa, koma osati yotola kumunda

Bambo wina wa kwathu konkuno, amene tsopano akugwira ntchito pa famu ina ya chimanga ndi ng'ombe ku Texas m'dziko la America, watilembera modandaula. Akuti nkhumba zam'tchire zikufukula minda usiku uliwonse, ndipo mwini famu amaitana anthu a mfuti, nthawi zina okwera helikopita, amene amapha nkhumba makumi angapo tsiku limodzi n'kuzisiya pomwepo kuti miimba idye. Iwo mtima unawawawa poona ndiwo zikuwola, choncho tsiku lina chakumadzulo ananyamula nkhumba yaikulu yamphongo imene inawomberedwa m'mawa, naisenda ndi manja, matumbo n'kuponyera agalu awiri a pafamupo, nyama ina n'kuotcha, yotsala n'kuiwamba. Patapita masiku ochepa galu mmodzi anafa atadzikanda kumaso mpaka kutuluka magazi, ndipo tsopano bamboyo akumva kutentha thupi usiku, thukuta ndi kuphwanya m'mfundo, ngakhale amwa mankhwala a malungo amene anachoka nawo kuno. Akufunsa ngati nyamayi ndi yodyedwa, ngati angamaigulitse kwa anzawo ochokera ku Africa, komanso chifukwa chimene eni dziko amatayira chakudya chotere.

Bambo, ndiyambe ndi kukudzudzulani, chifukwa mwalakwitsa zinthu zinayi pa nkhumba imodzi. Nyama yofa m'mawa, yogona padzuwa la ku Texas tsiku lonse matumbo ali m'kati, inu n'kukaitola madzulo, kodi kumudzi kwanu akanakulolani kulowa nayo pakhomo? Kwathu kuno nyama yotere timaiona ngati chibudu, ndipo kuwoloka nyanja sikusintha dzina lake. Munaisenda opanda magolovesi, munadyetsa agalu zam'kati zosaphika, kenako munamwa mankhwala a malungo osayezetsa magazi, m'dziko limene malungo si matenda ofala. Pa zaka zimene ndakhala mlangizi ndaona kuti munthu akaona nyama yaulere nzeru zimayamba zachoka kaye, ndipo inu simuli woyamba.

Za kudwala kwanu, ine ndikuona kuti ndi brucellosis. Nkhumba zolowerera za ku America zimanyamula kachilombo ka matendawa m'magazi ndi m'ziwalo zoberekera, ndipo kamalowa mwa munthu kudzera pa kabala kakang'ono ka pachala, m'maso, m'mphuno kapena m'kamwa pamene akutumbula nyama. Zizindikiro zimatha kuoneka pakadutsa sabata imodzi kapena miyezi ingapo, ndipo zimanamiza kwambiri munthu wokulira kwathu kuno, pakuti thupi limatentha, kuzizira, n'kutenthanso ngati malungo enieni. Pitani kuchipatala sabata yomwe ino, ndipo mukamuuze dokotala mosabisa kuti munasenda nkhumba yam'tchire ndi manja, chifukwa mukabisa adzayeza zina n'kukubwezani. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Matendawa amachizika, koma mankhwala ake amamwedwa masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, ndipo amene amasiyira panjira amawadzutsanso. Galu uja anafa ndi matenda otchedwa pseudorabies, amene nkhumbazo zimakhala nawo osaoneka kudwala koma amapha galu m'masiku awiri okha zizindikiro zikayamba, ndipo kudzikanda kumaso kuja ndiye chidindo chake. Galu wotsalayo asalawenso nyama yaiwisi ya nkhumba. Nyama yowamba imene mwasunga ija mukaikwirire mozama, pakuti utsi, mchere, dzuwa ngakhale kuumitsa mufiriji sizipha tizilombo timeneti.

Tsopano funso lanu lenileni. Inde, nyamayi ndi yodyedwa, ndipo ikasamalidwa bwino ndi yokoma, yopanda mafuta ambiri poyerekeza ndi ya nkhumba ya m'khola. Zimenezi si nguluwe zathu. Ndi nkhumba zoweta zimene zinalowerera: Asipanishi anabwera nazo m'zaka za m'ma 1500, monga gulu la Hernando de Soto limene linafika ku Florida mu 1539, ndipo alimi a m'zaka zotsatira ankazisiya kuti zizidzidyera m'nkhalango. Kenako anthu okonda ulenje anabweretsa nkhumba zam'tchire za ku Ulaya, mitundu iwiriyi n'kusakanizika. Lero unduna wa zaulimi wa dzikolo, USDA, umati zilipo zoposa 6 miliyoni m'zigawo zosachepera 35, ndipo Texas yokha ili ndi zoposa 2 miliyoni. Kuwononga kwake pamodzi ndi ndalama zolimbana nazo kwakhala kukuwerengeredwa pa madola 1.5 biliyoni pachaka, ndipo kawerengedwe katsopano kamapitirira pamenepo. Alimi anga akuno amene mumatsegulira nkhumba mukangokolola kuti zizidzisakira, werengani ndimeyi kawiri, chifukwa mavuto a ku Texas anayamba ndi khalidwe lomwelo.

Musaganize kuti mwini famuyo ndi wopanda nzeru potaya nyama. Nkhumba yaikazi imatenga bere ikadali ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, bere lake ndi la masiku 114, ndipo imatha kuswa kawiri pachaka, ana asanu kapena asanu ndi mmodzi nthawi iliyonse. Akatswiri a kumeneko amati pamafunika kupha nkhumba ziwiri mwa zitatu zilizonse chaka ndi chaka kuti chiwerengero chingoima pomwe chili. Munthu amene walipira helikopita, imene imadya ndalama pa ola, cholinga chake n'kupha zambiri msangamsanga, ndipo sangaime kuti atole mitembo yomwazikana m'zitsamba zaminga pamene kutentha kwapitirira madigiri 35. Palinso lamulo. Ku America nkhumba iliyonse yoti nyama yake igulitsidwe iyenera kuonedwa ndi woyeza wa boma ikadali yamoyo, n'kuyezedwanso itaphedwa. Yowomberedwa kuthengo yaphonya kale muyezo woyambawo, choncho singalowe m'sitolo, ndipo n'chifukwa chomwecho mabungwe ogawa chakudya kwa osowa amavutika kuilandira ngakhale amalandira nyama ya agwape. Apa ndayankhanso funso lanu la malonda: nyama yosenda nokha kuseri kwa nyumba musagulitse kwa munthu aliyense, angakhale mbale wanu wa ku Lusaka kapena ku Lagos. Kudya inu ndi a m'nyumba mwanu n'kololedwa, ndipo kuyambira 2019 ku Texas simufunikanso chiphaso cha ulenje kuti muphe nkhumbazi pa malo a munthu amene wakulolezani, koma malonda ndi nkhani ina.

Njira imene ine ndimaikhulupirira, ndipo amene amandidziwa anatopa nayo, ndi khola la msampha. Ena adzakuuzani za agalu osakira, za mfuti zoonera usiku, za nyambo yapoizoni, koma zonsezi ndimaziika pambali, chifukwa mfuti imapha ziwiri n'kubalalitsa khumi ndi zisanu, zotsalazo n'kuchenjera moti simudzazionanso masana. Khola limagwira banja lonse lamoyo, ndipo nkhumba yamoyo ndiyo ili ndi mtengo. Mumange ndi mawaya olimba aja otchingira ziweto, a mabowo aang'ono kuti tiana tisapyole, otalika mita imodzi ndi theka kupita m'mwamba, zitsulo zokhomera pansi zikhale pafupipafupi. Likhale lozungulira, lopanda ngodya, pakuti pangodya nkhumba zimaunjikana, zina n'kukwera pamsana pa zinzake n'kudumphira kunja. Pamwamba musafolere, kuti gwape akalowa athe kutuluka. Nyambo yake ndi chimanga choviika m'madzi masiku angapo mpaka chitasasa, monga amayi amaviikira mphale, chifukwa fungo limenelo nkhumba zimalimva zili kutali.

Pamene anthu ambiri amalephera ndi pa kudekha. Chitseko muchimangirire chotsegula kwa sabata imodzi kapena ziwiri, mukuthira nyambo tsiku lililonse, kuyambira panja mpaka m'kati mwenimweni, kufikira nkhumba zonse zizilowa mopanda mantha. Tiana timalowa usiku woyamba womwe, koma make wamkulu amaima pakhomo akununkhiza, mutu uli m'mwamba, ndipo akhoza kutero masiku asanu. Mukatseka iye ali panja, mwaphunzitsa mphunzitsi, ndipo chaka chamawa adzabwera ndi ana ena amene sadzayandikira waya. Ndikukumbukira chaka china ndikugwira ntchito m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu, alimi ankagona kumunda kuyingitsa nguluwe ndi zitini, ndipo zimene zinkathawa munda uwu zinkakadya munda wa mnansi usiku womwewo. Nyama ya mtundu wa nkhumba siiwala pamene inaopsezedwa. Kamera yaing'ono yomangirira pamtengo idzakuuzani kuti gululo lili ndi nkhumba zingati. Khola wamba lingakudyereni madola mazana angapo, tinene pansi pa chikwi chimodzi, pamene khola limene chitseko chake mumachitseka ndi foni muli kutali limafika madola zikwi zingapo, ndipo ndalama zimenezi ndi za mwini famu, osati zanu. Mukamufotokozere kuti mtengo wake sufika pa chimanga chimene akutaya nyengo imodzi.

Zikagwidwa, njira zilipo ziwiri. Yoyamba n'kuzigulitsa zamoyo kumalo ogulira amene ndi ovomerezedwa ndi bungwe la boma loona za umoyo wa ziweto, la Texas Animal Health Commission, kumene amazipima pasikelo n'kuzitumiza kokaphera koyezedwa ndi boma, ndipo nyama yake imakathera m'malesitilanti a m'mizinda, ina mpaka ku Ulaya. Mtengo wake ndi masenti chabe pa paundi iliyonse ya kulemera kwake, zazikulu ndizo zimalipira bwinoko, choncho musayembekezere kumangira nyumba kumudzi. Ikabweza ya mafuta a galimoto ndi ya nyambo, yachita bwino. Kunyamula nkhumba yamoyo n'kukaitsitsa kwina kulikonse kumene lamulo silinalole ndi mlandu. Njira yachiwiri n'kupha ya ndiwo zanu m'kholamo, m'mawa dzuwa lisanakwere, ndi chipolopolo chimodzi cha m'mutu kuti nyama isadzale magazi ndi tizidutswa ta mtovu.

Pa kusankha munalakwitsanso, chifukwa munathamangira yaikulu. Yamphongo yokalamba imanunkha fungo loti ngakhale muthire tsabola wochuluka bwanji silichoka. Tengani yaikazi kapena yaing'ono ya makilogalamu 20 mpaka 50. Valani magolovesi a labala, tchingani maso, ndipo musadye kapena kusuta muli pantchitoyo. Itumbuleni nthawi yomweyo, osaboola matumbo kapena chikhodzodzo, ndipo muyang'ane chiwindi, mapapo ndi mnofu: mukaona mafinya, zotupa kapena timatuza toyera tonga mpunga, timene ena kwathu amati masese, nkhumba yonseyo ndi yokwirira. Mukapeza mafuta ake ali obiriwira ngati buluu wochapira, dziwani kuti inadya nyambo yapoizoni, ndipo musaidye ngakhale pang'ono. Nyama yabwino ilowe mu ayezi lisanathe ola limodzi kapena awiri, mpeni ndi thebulo zitsukidwe ndi madzi a jiki, zam'kati zikwiriridwe pamene galu sangafukule. Pophika, kutentha kwa m'kati mwa nyama kufike madigiri 71, amene pa zipimo za kumeneko ndi 160, ndipo kachipangizo koyezera n'kotsika mtengo, madola khumi kapena khumi ndi asanu basi. Kuotcha kwathu kuja kwa pamakala, kunja kwapsa m'kati mukadali magazi, n'kumene kumasiya nyongolotsi za trichinella zamoyo. Nyama imeneyi imafuna mphika, iwire nthawi yaitali mpaka ilekane ndi fupa.

Ndikuchenjezeninso pa maganizo akuti anthu akayamba kuzidya ndiye kuti zitha. Sizingathe ndi mphika, ndipo nthawi zina phindu ndilo limazichulukitsa, pakuti munthu amene akupeza ndalama pa nkhumba safuna kuti zithe. Zinafalikira m'zigawo zambiri chifukwa alenje ankazinyamula pa galimoto n'kukazitaya kumene kunalibe, kuti azikasaka pafupi ndi kwawo. N'chifukwa chake chigawo cha Missouri mu 2016 chinaletsa kusaka nkhumbazi pa malo a dipatimenti yake yosamala zachilengedwe, n'kusiyira ntchitoyo akatswiri a misampha. Choncho inu mukagwira khumi ndi ziwiri, musatulutse tiana kuti tikule mudzagwire chaka chamawa, monga ndikudziwa kuti mtima wa mlimi ungakuuzeni. Zonse zichoke, zodyedwa zidyedwe, zotsala zigulitsidwe kapena zikwiriridwe.

Mwatchula m'kalata yanu kuti mubwera kudzaona abale chaka chino. Pobwerera musanyamule nyama ya nkhumba ya kuno, ingakhale yowamba kapena soseji. Chigodola cha nkhumba, chimene chimatipululira makola chaka ndi chaka m'maboma ngati Mchinji ndi Lilongwe, sichinalowe m'dziko la America, ngakhale mu 2021 chinafika ku Dominican Republic ndi ku Haiti, mayiko a pachilumba cha kufupi ndi America, ndipo kachilombo kake kamakhala moyo miyezi yambiri mu nyama youma. Ine ndinaonapo mudzi wonse ukutsala wopanda nkhumba chifukwa cha mwendo umodzi umene munthu anagula pamsewu n'kutsukira madzi ake pafupi ndi khola. Nyenyeswa yotere itagwera m'kamwa mwa nkhumba zolowerera za ku Texas, palibe khola kapena helikopita imene ingaletse matendawo, ndipo a pabwalo la ndege akaipeza m'chikwama chanu adzailanda n'kukulipitsani chindapusa ngati simunaiulule.