Kodi ilipo nkhondo imene tingati n'njoyenera?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina. Mwana wawo wamwamuna wa zaka 19 wanena kuti akufuna kulowa usilikali, ndipo chiyambire tsikulo sakumvana pakhomo. Anandifunsa chonchi: "Ine ndinakula ndikudziwa kuti kupha munthu ndi tchimo, basi. Mwana wanga akuti zilipo nkhondo zofunika kumenya. Pa awirife, akulakwitsa ndani?"

Amayi, choyamba musalole munthu akuuzeni kuti maganizo anuwo ndi mantha chabe. Anthu olimba mtima kwambiri anafa nawo maganizo amenewo. M'chaka cha 295, mnyamata wina wa zaka 21 dzina lake Maximilian, wa ku Theveste m'dziko limene lero ndi Algeria, anamutengera kwa bwanamkubwa wa Aroma kuti amulembe usilikali. Anakana, nati iye ndi Mkhristu ndipo sangamenye nkhondo. Anamudula mutu. Anali wamsinkhu woyandikana ndi mwana wanuyo. Akhristu a mipingo ya Quaker ndi Mennonite agwira chiphunzitso chomwechi kwa zaka mazana ambiri, kulowa nacho m'ndende ndi kuthamangitsidwa nacho kwawo.

Komanso kukana nkhondo sikutanthauza kupinda manja. Mu 1930 Gandhi wa ku India anayenda wapansi masiku 24 kukatola mchere kunyanja, kuphwanya dala lamulo la atsamunda a ku Britain, ndipo anthu zikwizikwi anamangidwa pomutsatira osabwezera ngakhale chibakera. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, m'busa André Trocmé wa pamudzi wa Le Chambon ku France, munthu wokana zida kotheratu, anatsogolera anthu ake kubisa Ayuda m'nyumba zawo ndi m'mafamu. Apolisi akabwera kudzafuna mayina, sankawapatsa. Anthu ambirimbiri anapulumuka popanda mfuti kulira.

Mwana wanu nayenso sakulankhula zopanda mutu. Maganizo akewo ali ndi mbiri yaitali. Augustine, bishopu wa ku Hippo amene anamwalira mu 430, anaphunzitsa kuti wolamulira angathe kugwiritsa ntchito asilikali pofuna kubwezeretsa mtendere, koma achite zimenezo ndi chisoni, osati ndi mtima wolipsira. Patapita zaka pafupifupi 800, Thomas Aquinas, katswiri wa zaumulungu, anaika zinthu zitatu: nkhondo ilamulidwe ndi amene ali ndi udindo wovomerezeka, pakhale chifukwa cholungama, ndipo cholinga chikhale chabwino. Obwera pambuyo anawonjezera kuti njira zina zonse ziyambe zalephereka, kuti chiwonongeko chisapose chimene mukufuna kuteteza, ndiponso kuti anthu wamba asakhudzidwe dala. Malamulo a mayiko anatengera pomwepo. Pangano lokhazikitsa United Nations la 1945 limaletsa dziko kuukira linzake, koma gawo 51 limalola kudziteteza. Mapangano a ku Geneva a 1949 amateteza ovulala, akaidi a pankhondo ndi anthu wamba.

Vuto langa ndi mfundo zimenezi n'lakuti mtsogoleri aliyense wofuna nkhondo amazidziwa bwino, ndipo amazivala ngati malaya. Palibe amene amaima pagulu n'kunena kuti ndikufuna mafuta a mnzanga kapena ndikufuna anthu aiwale zolephera zanga. Onse amati tikudziteteza. Mu 2003 America ndi Britain analowa m'dziko la Iraq ponena kuti mtsogoleri wa dzikolo, Saddam Hussein, ali ndi zida zopha anthu ambiri nthawi imodzi. Zidazo sizinapezeke, koma maliro anachuluka kwa zaka ndi zaka. Akuluakulu anati nkhondo simanga mudzi, ndipo ndikawerenga mbiri ndimaona kuti nkhondo zambiri zimene zinatchedwa zolungama poyamba zinali za dyera ndi kunyada. Pamenepa, amayi, ndili kumbali yanu.

Koma pali tsiku limodzi limene limandilepheretsa kuvomerezana nanu mpaka kumapeto. Mu April 1994, kuphana kutayamba ku Rwanda, anthu oposa 2,000 anathawira pa sukulu ya ntchito zamanja yotchedwa École Technique Officielle mumzinda wa Kigali. Anathawira pamenepo chifukwa panali asilikali a ku Belgium osungitsa mtendere. Kunja kwa mpanda kunali anyamata a Interahamwe, gulu la Ahutu limene linkapha Atutsi, zikwanje zili m'manja, akudikira. Sankalowa chifukwa ankaopa mfuti za asilikali aja. Pa 11 April asilikaliwo analamulidwa kuchoka, nakwera magalimoto awo anthu akuwadandaulira. Tsiku lomwelo anthu aja anawakusa n'kupita nawo ku phiri la Nyanza, ndipo ochuluka anaphedwa dzuwa lisanatuluke. Patatha masiku khumi, United Nations inachepetsa asilikali ake m'dzikomo kufika pa 270 okha. M'masiku pafupifupi 100 anthu okwana ngati 800,000 anaphedwa.

Chimene chinkasunga moyo wa ana amene anathawira pa sukulu ija chinali munthu wonyamula mfuti amene anali wokonzeka kuomba. Ndimayesa kuganiza njira ina imene ikanawapulumutsa madzulo amenewo, sindiipeza. Zikwanje zija sizikanamva nyimbo kapena kusala kudya. Mawu a pa Mateyu 5:39 onena za kupereka tsaya lina ndimawalemekeza kwambiri, koma tsaya limene ndingapereke ndi langa. Tsaya la mwana amene wabisala kumbuyo kwanga ndilibe ufulu wolipereka kuti manja anga akhale oyera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Dietrich Bonhoeffer, m'busa wa ku Germany, anafika pamphambano yomweyi. Ankalalikira mtendere ndipo ankafunitsitsa kupita ku India kukaphunzira kwa Gandhi. Ataona zimene Hitler ankachita, analowa m'gulu la anthu amene ankakonza zomuchotsa, ndipo anamunyonga ku Flossenbürg pa 9 April 1945. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti sanadzitche wosalakwa. Anaona kuti kuchitapo kanthu kuli ndi mlandu wake, kukhala chete kulinso ndi mlandu wake, ndipo anasankha mlandu umene akanatha kuusenza.

Ndiye yankho langa ndi ili: inde, nthawi zina, mwa apo ndi apo, kunyamula zida kumakhala koyenera, makamaka poteteza anthu amene akuphedwa alibe kothawira. Koma nkhondo yoyera kulibe, ndipo amene akufuna kutumiza ana a anzake kukafa ndiye ayenera kupereka umboni, osati mayi amene akukana.

Za mwana wanuyo, sindikuuzani kuti mumuletse kapena mumulole. Wakula, ndipo akhoza kupita ngakhale mutakana. Mungamuuze za Desmond Doss, mnyamata wa mpingo wa Seventh-day Adventist amene analowa m'gulu la nkhondo la America koma anakana kugwira mfuti. Ankagwira ntchito yothandiza ovulala, ndipo ku Okinawa mu 1945 anatsitsa anzake pafupifupi 75 kuchokera paphedi, mmodzimmodzi, ndi chingwe, zipolopolo zikuwirima. Mwina njira yotereyi ingamukope, mwinanso ayi.

Koma asanapite, khalani naye pansi, musamufunse ngati ali wokonzeka kufa, chifukwa pa zaka 19 aliyense amati eya. Mufunseni kuti mkulu wake akadzamulamula kuombera khamu la anthu opanda zida, adzatani. Pa milandu ya akuluakulu a boma la Hitler ku Nuremberg itatha nkhondo mu 1945, oweruza anakana kumasula munthu chifukwa chongonena kuti ndinkatsatira lamulo la akuluakulu. Muuzeni zimenezo, kenako mumusiye ayankhe yekha, ngakhale zitamutengera masiku angapo.