Yankho kwa achimwene a ku Lifuwu pa za opaleshoni ya msana ya mayi

Achimwene, ndawerenga zomwe mwalemba, zoti mayi akumva ululu wochokera m'chiuno kutsika mwendo wamanzere mpaka kuphazi, ndipo kuchipatala awapatsa kalata yopita ku Lilongwe, koma amalume ndi azakhali akukaniza poti wochitidwa opaleshoni ya msana sayendanso. Mwafunsanso ngati alipo amene anaikidwa chitsulo pa nyung'unyu n'kuchira. Ine si dokotala wa ku fiyeta, ntchito yanga ndi yopangitsa anthu mafizo, ndiye odwala otere ndimakumana nawo madokotala akamaliza mbali yawo.

Kalata yopita ku Lilongwe si kalata ya mpeni. M'zipatala za m'maboma ngati kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota, amene amaona za mafupa ndi ma clinical officer ophunzira za mafupa, maphunziro amene anayamba m'dziko muno mu 1985. Anthu amenewa amaidziwa ntchito yawo, kuwongola fupa, kumanga chikhakha, kukoka mwendo wothyoka. Koma X-ray imaonetsa mafupa okha. Mtsempha wopanikizika, kapena kanyama kofewa kokhala pakati pa mafupa a msana kamene madokotala amati disiki, sizioneka pa X-ray, zimafuna makina ena ojambulira otchedwa MRI, ndipo amenewo m'maboma mulibe. Ku Kamuzu Central kuli chipatala cha mafupa, msana ndi ubongo chotchedwa LION, chinatsegulidwa mu 2023, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa Salima boma. Akuwatumiza mayi kuti akaonedwe. Zoti opaleshoni ichitika kapena ayi, palibe amene wanena, ndipo ikamadzachitika adzasaina okha atafotokozeredwa.

Anthu ambiri amene disiki yawo yatuluka n'kutsamira mtsempha safika n'komwe ku fiyeta. Pakatha masabata 6 mpaka 12 ululu wa m'mwendo umachepa wokha, ndi mankhwala, mafizo ndi kuyendayenda pang'onopang'ono. Kugona chigonere pamphasa mwezi wonse kumangoumitsa msana. Opaleshoni amaiganizira ululu ukakana kutha, kapena mwendo ukayamba kufooka. Ndipo apa ndi pamene anthu amakhumudwa ngati sanauzidwe bwino: opaleshoni yochotsa chopanikiza mtsempha imathandiza kwambiri ululu wa m'mwendo, koma kuphwanya kwa msana weniweniwo nthawi zambiri kumatsalako. Mayi amene akhala zaka makumi anayi akuwerama kuwokera mpunga, kusenza ndowa ndi mitolo ya nkhuni, msana wawo unatha, ndipo palibe dokotala angawabwezere msana wa utsikana. Akapita akuyembekeza kugona tulo usiku ndi kuyenda mpaka kutchalitchi osaima panjira, kawirikawiri amabwerako okhutira. Akapita akuyembekeza kubwerera kudimba ngati kale, adzati opaleshoni yalephereka.

Nanga mbiri yoti opaleshoni imapha miyendo imachokera kuti? Amalume sakunama, anaonadi munthu wabwera ku Lilongwe pa njinga ya olumala. Chomwe sanaone n'chakuti munthuyo anapitanso atanyamulidwa. Ambiri amayamba kwa asing'anga kutemera mphini, kenako kumapemphero, kenako mankhwala opha ululu a diclofenac a pagolosale miyezi ingapo, ndipo pofika kuchipatala chachikulu miyendo inaleka kale kumva. Mtsempha ukapanikizika nthawi yaitali umafa, ndipo dokotala angachotse chopanikizacho koma sangadzutse mtsempha wakufa. Kumudzi nkhani imangomveka yoti anamuchita opaleshoni ndiye sakuyenda.

Sindikunena kuti mpeni ulibe ngozi. Bala litha kuchita mafinya, mtsempha utha kukhudzidwa, disiki itha kutulukanso pamalo omwewo patapita nthawi. Zimachitika, koma kwa ochepa, ndipo dokotala wabwino amazitchula yekha musanasaine. Shuga wosasamalidwa, BP yokwera, fodya ndi kuchepa kwa magazi zimakulitsa ngozi zimenezi. Zilonda za mphini zatsopano pamsana nazonso zimachedwetsa zinthu, chifukwa palibe dokotala angang'ambe pakhungu pamene pali mafinya.

Lero lomwe chitani ichi. Auzeni mayi ayende pang'ono ndi zidendene zokha zala zili m'mwamba, kenako ayende chonyang'ama, inu mutawagwira mkono. Onani ngati phazi lamanzere likugwa kapena likukwekwereza pansi. Afunseni ngati patapata amavuka yekha iwo osamva. Chizindikiro chimenecho anthu amachiseka, koma chimatanthauza kuti mtsempha wayamba kutaya mphamvu, ndipo si nthawi yodikira kuti akolole kaye. Pali zina zoti inu mwana wamwamuna sangakuuzeni, ndiye tumani achemwali anu akafunse: ngati mkodzo ukuvuta kutuluka kapena ukungotuluka wokha, ngati chimbudzi sakuchimva, ngati pali dzanzi m'matako ndi kumalo obisika, ngati miyendo yonse iwiri yafooka. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Chimodzi mwa zimenezi chikapezeka, mupite tsiku lomwelo, musadikire tsiku lolembedwa pakalata, chifukwa pamenepo maola ndi amene amasiyanitsa woyenda ndi wosayenda.

Komanso si ululu wonse wa msana umene uli wa disiki. TB ya msana ilipo yambiri kuno kwathu. Imadya mafupa a msana mpaka munthu kutuluka linunda, ndipo imabwera ndi kuwonda, thukuta la usiku, ndi ululu wosasiya ngakhale atagona. Anthu amati sakutsokomola ndiye si TB, pamene ya msana siifuna chifuwa. Ikapezeka msanga ambiri amachira ndi mankhwala a TB okha, aulere, ongomwa nthawi yotalikirapo kuposa miyezi 6 ya TB ya m'mapapo. Ife a m'mbali mwa nyanja tilinso ndi likodzo: si kawirikawiri, koma mazira ake atha kufika mumtsempha waukulu wa msana n'kufooketsa miyendo, ndiye muwauze adokotala kuti mayi amakhala m'madzi a m'minda ya mpunga. Ngati anadwalapo khansa ya bere kapena ya khomo la chiberekero, mutchulenso.

Za nyung'unyu tsopano. Mwa maopaleshoni onse a mafupa, woika nyung'unyu yachitsulo ndi umodzi mwa omwe zotsatira zake zimakondweretsa. Munthu amene amalephera kuvala nsapato kapena kukwera minibasi amaimirira tsiku lotsatira kapena lachiwiri ndi ndodo, ndipo pakatha masabata angapo ululu wa m'mphechepeche uja watha. Dziko lathu lili ndi kaundula wa anthu oikidwa nyung'unyu ndi mawondo kuyambira 2005, anayambira ku chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chija chimadziwika ndi kuwongola mapazi ndi miyendo ya ana. Kaundulayu anaonetsa kuti kuno ambiri ofuna nyung'unyu yatsopano si nkhalamba za nyamakazi ngati ku Ulaya, koma anthu apakati amene mutu wa fupa la ntchafu unafa chifukwa magazi analeka kufikako. Zimayamba ndi zinthu monga matenda a magazi otchedwa sickle cell, mowa wambiri, mankhwala ngati prednisolone akamwedwa nthawi yaitali, ndi HIV. Anaonetsanso kuti omwe ali ndi HIV koma akumwa ma ARV mokhulupirika amachira bwino. Ndikunena izi poti ena amadzichotsa okha pamzere poganiza kuti bala lawo silingapole.

Chitsulocho sichikhala muyaya. Kafukufuku wa mu 2019 wa m'magazini ya The Lancet, wochokera m'makaundula a mayiko olemera, anapeza kuti mwa nyung'unyu 100 zoikidwa, pafupifupi 58 zimafika zaka 25, ndipo mwa mawondo 100 pafupifupi 82. N'chifukwa chake munthu wa zaka 35 madokotala amamuchedwetsa, poti adzafunika opaleshoni yachiwiri, imene ndi yovuta kuposa yoyamba. Bondo nalo, ngakhale limakhalitsa, silikoma ngati nyung'unyu: pafupifupi mmodzi mwa asanu amatsala ndi kaululu kapena kuuma, ndipo mafizo ake ndi owawa. Amene amathawa mafizo masabata oyamba bondo limauma, osapindikanso. Kuzipatala zolipira opaleshoni yotere ndi ya mamiliyoni, kwaulere mzere ndi wautali poti madokotala a mafupa m'dziko muno ndi ochepa, ndiye ofuna alembetse msanga.

Chimene chimawononga ntchito yabwino ya madokotala nthawi zambiri ndi kunyumba. Woikidwa nyung'unyu saloledwa kunjuta, kukhala pamphasa, pakampando kafupi, kapena kupingasa miyendo m'masabata oyambirira, chifukwa chitsulo chitha kugweluka. Nanga chimbudzi chathu si chonjuta? Mupite kwa kalipentala akukhomereni mpando wamatabwa wobowola pakati, wofika m'mawondo, woika pamwamba pa dzenje, ndi mtengo wogwirira pakhoma. Muchite asanatuluke m'chipatala, osati atafika. Bedi likhalepo, ngakhale lobwereka. Wa opaleshoni ya msana naye mpando umenewu umamuthandiza, ndipo asanyamule ndowa, asasinje, asawerame kuchapa mpaka adokotala atalola. Kabaza, kaya wanjinga kaya wamoto, pamsewu wamabampu wochokera ku Lifuwu, ayi. Pobwera kuchipatala mupeze galimoto ndithu, ngakhale ndalama ipweteke.

Diclofenac ndi brufen atsiku ndi tsiku aja asiye kugula okha. Amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, makamaka kwa munthu wamkulu wa BP kapena amene ali pa ma ARV.

Popita ku Lilongwe mutenge buku la kuchipatala, ma X-ray onse akale, ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, azitsamba omwe muwatchule. Gadiyani akhale wamkazi wamphamvu zotha kuwadzutsa. Adokotala muwafunse kuti chapezeka n'chiyani, opaleshoni ikukakonza mwendo kapena msana, tikadikira miyezi itatu chingachitike n'chiyani, ndipo mafizo tikapangira kuti tikabwerera ku Salima. Ngati n'kotheka mutengane ndi amalume omwewo, adzionere chithunzi cha MRI ndi kufunsa okha. Mkulu wa banja akamva kuchokera kwa dokotala savuta ngati akamva kwa mphwake pa foni. Chonde musadikire kuti mugulitse kaye mpunga ngati phazi lija layamba kugwa.