Chimene chinawalitsa mwezi wa Kuindzhi, ndi chimene chinaudetsa

Mayi, mwafunsa kuti Arkhip Kuindzhi, katswiri wojambula ndi penti, anauwalitsa bwanji mwezi pa chithunzi chake cha mtsinje wa Dnipro wa ku Ukraine usiku, komanso chifukwa chake lero chimaoneka chakuda kusiyana ndi mbiri yake. Mayankho onse awiri ali mu penti momwemo.

Kuindzhi anabadwira ku Mariupol, m'mphepete mwa nyanja ya Azov, m'banja losauka la Agiriki. Bambo ake anali osoka nsapato ndipo anamusiya wamasiye akadali wamng'ono. Atapita ku Feodosia kuti akaphunzire kwa Ivan Aivazovsky, katswiri wojambula zithunzi za panyanja, anangopatsidwa ntchito yopera utoto. Kenako anakagwira ntchito yokonza pamanja zithunzi za kamera ku Taganrog, ntchito imene imazoloweretsa diso kusiyanitsa mdima wina ndi unzake. Luso lake lonse lagona pamenepo.

Mu 1880 anachionetsa chokha chithunzicho ku St Petersburg, m'chipinda chotseka mawindo, nyale imodzi italunjika pa icho. Anthu ena ankasuzumira kuseri poganiza kuti wabisako nyale. Palibe chimene anabisa. Penti yoyera siwala kuposa pepala, ndiye njira yowalitsira mwezi ndi kudetsa china chilichonse. Taonani bwino: mwezi ndi waung'ono, mtsinje ndi kamzere kobiriwira, ndipo kotsalako ndi thambo ndi mtunda wamdima, tinyumba ndi mphero yoyendera mphepo zikungooneka mwachizimezime. Mdimawo suli bii ayi. Mtunda uli ndi kakufiira, ndipo kufiira kukagundana ndi kubiriwira, kubiriwirako kumayaka.

Mukafuna kuyesa ndi penti ya mafuta, yambani mwapaka chinsalu chonse ndi burnt umber (penti yofiirira moderapo) wosungunula ndi turpentine (mankhwala osungunulira penti), mopyapyala, muchisiye tsiku limodzi kapena awiri. Mdima muupange posakaniza ultramarine (buluu wakuya) ndi burnt umber. Yakuda ya m'chubu imapha chithunzi. Thambo muzilimanga ndi mipako yopyapyala itatu kapena inayi, yoonekera mkati, ndipo mpako uliwonse uume musanaike wina. Mafuta a linseed, amene amasakanizidwa mu penti, azichuluka pang'ono pa mpako uliwonse wotsatira. Mukatembenuza lamuloli, pamwamba pamauma msanga pansi pakadali pofewa, penti n'kung'ambika. Mwezi ndi madzi zibwere pomaliza, ndi penti yokhuthala: yoyera, viridian (yobiriwira) pang'ono ndi kadontho ka yachikasu. Ikani kamodzi n'kuchotsapo dzanja, chifukwa mukabwerezabwereza ndi burashi mdima wapansi umatukuka n'kusanduka matope. Vanishi adikire miyezi 6 kapena kuposerapo.

Tsono chomvetsa chisoni ndi ichi. Pofuna mdima wozama, Kuindzhi anagwiritsa ntchito penti ya phula, m'bale wake wa tala wa mumsewu. Ikakhala yatsopano imakongola ngati uchi wakuda, koma siuma kwenikweni. M'kupita kwa zaka imada, imakwinyika n'kumeza mitundu yoyandikana nayo. Amene anagula chithunzicho pa ma ruble 5,000, Konstantin Konstantinovich wa banja lachifumu la Russia, anachitenga pa ulendo wautali wa panyanja, ndipo mpweya wa chinyezi ndi mchere unafulumizitsa kudako. Chithunzicho, chimene lero chili ku Russian Museum ku St Petersburg, chinataya zambiri za kumtunda zimene anthu a mu 1880 anaona. Penti ya phula musaikhudze.

Mu 1882, kutchuka kuli pachimake, anasiya kuonetsa zithunzi pagulu, ngakhale sanasiye kujambula. Anaphunzitsa pa sukulu yaikulu ya zojambula ya St Petersburg kuyambira 1894, n'kuchotsedwa mu 1897 chifukwa chokhalira kumbuyo ophunzira pa sitiraka. Ojambula odziwika Nicholas Roerich ndi Arkady Rylov anadutsa m'manja mwake. Anamwalira mu 1910.

Nyumba yosungira zojambula yotchedwa dzina lake ku Mariupol inaphulitsidwa pa nkhondo mu Malichi 2022. Kuti muone mitundu ya Kuindzhi isanade, sakani pa intaneti chithunzi chake cha dzuwa lofiira likulowa chimene chili ku Metropolitan Museum ku New York, muchikulitse pamene mtambo wakumana ndi dzuwa, muone mmene anasanjira kufiira pamenepo.